Dothi Limene Linabwera ndi Mphepo

Ndaona ena mwachokera kumunda makasu ali paphewa. Zakhala bwino, chifukwa phunziro la lero ndi la dothi, ndipo dothilo mwabwera nalo nokha kumapazi.

Ine ndine mwana pamaso panu. Munayamba kulima ine ndisanabadwe, tsono sindingaime pano kuti ndikuphunzitseni kugwira khasu. Chimene ndabwera nacho ndi nkhani ya dothi la dziko lakutali, dothi limene lili ndi dzina, mfunda ndi banja ngati munthu. Tiphunzira kuwerenga dzina lakelo. Ndi lalitali, koma tiliduladula monga timachitira ndi mau ena onse pa bolodi pano.

Tiyambe ndi zimene mukudziwa kale. Dothi la munda limafika pamalo pake m'njira zosiyana. Lina limabadwira pomwepo: mwala wa pansi umafumbutuka pang'onopang'ono ndi mvula ndi dzuwa mpaka usanduka dothi. Katondo wofiira wa kumtunda kwathu kuno, wambiri anabadwa motero. Lina limabwera ndi madzi. Amene muli ndi madimba m'mphepete mwa Zambezi kapena Revúbuè mukudziwa kuti mtsinje ukasefukira n'kuphwera umasiya matope atsopano. Koma pali njira yachitatu imene sitiiganizira kawirikawiri. Dothi lina limabwera ndi mphepo.

Mwina wina akuseka mumtima, akuti mphepo ingatole fumbi lokwana munda? Kamvulumvulu wa mwezi wa Okutobala amangozunguza zinyalala pabwalo n'kutha. Inde. Koma ganizani mphepo yoomba kuchokera mbali imodzi zaka zikwizikwi, pa dziko louma lopanda udzu wokwanira. Fumbi lotere likaunjikana, anthu ophunzira za nthaka amalitcha loess. Ndalemba mauwo apa: l-o-e-s-s. Anachokera ku Chijeremani, ndipo analowa m'mabuku cha m'ma 1820, pamene anthu ankafotokoza dothi lachikasu la m'chigwa cha mtsinje wa Rhine. Poyamba ambiri ankati linabwera ndi madzi. Ferdinand von Richthofen, amene anayenda m'dziko la China kuyambira 1868 mpaka 1872, ndiye analimbikira kunena kuti ndi ntchito ya mphepo. Lero tikudziwa kuti dothi lotere laphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtunda wonse wa dziko lapansi. Ku China kuli malo amene kuya kwake kumapitirira mamita 300, ndipo anthu amakumba nyumba zogonamo m'zipupa zake.

Ife lero tipita ku America, ku chigawo chotchedwa Kansas, pakati penipeni pa dziko la United States. Kumeneko kuli chidikha chachikulu. Munthu angayende tsiku lonse osaona phiri, ndipo kale mitengo inkapezeka m'mphepete mwa mitsinje mokha. Kumene kuli dothi limene tikambe, mvula imagwa pang'ono, mamilimita pafupifupi 600 pa chaka. Muyesowo suli kutali ndi mvula ya mu mzinda wa Tete. Kusiyana kwake n'kwakuti kwao kumazizira kwambiri miyezi ina, mpaka madzi kuundana, tsono dzuwa silimwa madzi a m'nthaka msanga ngati kwathu kuchigwa. Dothi lotchuka la kumeneko dzina lake ndi Harney. Lili pa mahekitala pafupifupi 1,600,000, ndipo mu 1990 boma la Kansas linalisankha kukhala dothi loimira chigawo chonsecho, monga mmene dziko limasankhira mbendera.

Kodi linafika bwanji? Zaka zoposa 20,000 zapitazo dziko lapansi linazizira. Kumpoto kwa America kunaphimbidwa ndi madzi oundana. Kumwera kwa madzi oundanawo kunali kouma, udzu unali wapatalipatali, mitsinje inkasiya matope ambiri poyera, ndipo miyala yofewa ya kumpoto chakumadzulo inkafumbutuka. Mphepo yamphamvu yochokera mbali imeneyo inkatola zonsezi.

Apa amayi mundithandize. Mukamauluza mapira pamphepo, chimagwa pafupi ndi mapazi anu n'chiyani? Mapira enieni, chifukwa ndi olemera. Nanga mankhusu? Amapita patali. Mphepo ija inachita chimodzimodzi. Mchenga, poti ndi wolemera, unatsala pafupi n'kuunjikana milumilu. Ku Nebraska, kumpoto kwa Kansas, milu ya mchenga imeneyo ilipo mpaka lero, yomera udzu, pa dera la makilomita pafupifupi 50,000 m'litali ndi m'lifupi mukachulukitsa. Fumbi lopepuka linapitirira n'kukagwa patsogolo. Pafupi ndi kumene linachokera ndi lochindikala, mamita oposa 40 malo ena a ku Nebraska. Mukamapita kutali limanka licheperachepera, ndiponso limanka lisalalirasalalira. N'chifukwa chake munthu akhoza kukumba dzenje lakuya m'dothi la Harney osagunda mwala ngakhale umodzi. Mphepo siinyamula miyala.

Tsopano tione timbewu ta dothi. Dothi lililonse lili ndi timbewu ta mitundu itatu. Woyamba ndi mchenga, umene umakhakhala m'zala. Kukula kwake ndi kuyambira mamilimita 2 kutsika mpaka 0.05. Wotsiriza ndi dongo, lija amayi mumaumbira mbiya. Kambewu kake n'kakang'ono kuposa mamilimita 0.002, maso sangakaone. Pakati pa ziwirizi pali mtundu wina umene sitinazolowere kuupatsa dzina. Pa Chipwitikizi amati limo. Ine ndiziutcha ufa wa dothi, chifukwa ukauma umamveka m'zala ngati ufa woyera wosefa bwino. Ukanyowa umaterera, koma suumbika. Mukayesa kuumba nkhali ndi ufa wa dothi imangophwasuka. Mphepo imakonda mtundu wapakatiwu. Mchenga umailemera, dongo limamatirirana m'zibuma, koma ufa wa dothi umakwera m'mwamba n'kuyenda ulendo wautali.

Pamwamba pa dothi la Harney, kuposa theka ndi ufa wa dothi, kenaka dongo pang'ono, mchenga wochepa zedi. Ubwino wake uli pa madzi. Mchenga umalola madzi kudutsa ngati dengu. Makande amagwira madzi ambiri, koma ena amawaumira, mizu siitha kuwalanda. Ufa wa dothi umasunga madzi ndipo umawapereka. Mita imodzi ya dothi lotere ikhoza kusungira mbewu madzi okwana mvula ya mamilimita 150 kufika 200, pamene mchenga sufika ngakhale theka lake. M'dziko la mvula yochepa chimenechi ndicho chuma. Mbewu imapirira masabata angapo a ng'amba chifukwa nkhokwe yake ya madzi ili pansi.

Tiyerekeze kuti takumba dzenje lofika m'khosi mwa munthu wamkulu, tayima m'katimo, tikuyang'ana chipupa. Tiona mizere yosanjikizana. Pamwamba pali dothi lakuda motuwira, lofewa, losavuta kufumbutula ndi dzanja, kuya kwake ngati kuchokera ku nsonga ya chala kufika pafupi ndi chigongono. Kuda kumeneku sikunabwere ndi mphepo. Fumbi lija linagwa lili lachikasu motuwa. Chinalidetsa ndi udzu. Kwa zaka zikwi zambiri udzu wa m'chidikha unkamera, mizu yake yambirimbiri inkafa chaka ndi chaka n'kuolera m'nthaka momwemo. Mtengo umataya masamba pamwamba, koma udzu umaika manyowa ake pansi. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso.

Tikatsika, dothi likuyamba kulimba ndi kumata. Apa dongo lachuluka, lapitirira magawo 35 pa 100. Lina linapangika pomwepo, lina linatsika kuchokera pamwamba. Mvula ikalowa pansi imatenga timbewu ta dongo n'kukatisiya m'munsi pamene madzi aima. Dongo lake ndi la mtundu wotupa likanyowa ndi kunyala likauma, abale ake a makande a m'dambo. Mzere umenewu umachedwetsa madzi kutsika. Pa chaka chouma n'zabwino. Koma mvula yamkuntho ikagwa nthawi imodzi, madzi ena amathamanga pamwamba, makamaka pamalo otsetsereka.

Tikatsikanso tipeza timadontho toyera ndi timiyala tofewa ngati choko. Imeneyo ndi njereza. Mukaidonthezera madzi a mandimu imachita thovu. Njereza inali m'fumbi lonse kuyambira pachiyambi. Mvula inaisungunula pamwamba n'kuitsitsa, koma poti mvulayo ndi yochepa, siinathe kuichotseratu. Inaisiya pamene madzi amalekezera. Tsono munthu wodziwa akaona kuya kwa njereza amadziwa mvula ya dzikolo osafunsa munthu. Kum'mawa kumene mvula ichuluka njereza ili pansi kwambiri, kumadzulo kouma ili pafupi. Kwathu kumtunda kumene mvula ndi yambiri ndipo nthaka ndi yakalekale, zakudya zambiri za mbewu zinakokoloka n'kupita pansi, ndiye katondo amakhala wowawasa. Dothi la Harney silinatsukidwe chotero. Pansi pa zonsezi pali fumbi lenileni lija, lachikasu, monga linagwera.

Tsopano dzina. Ine nditaliona koyamba ndinatseka buku. Koma taonani, munthu akafika pamudzi timamufunsa dzina, kenaka mfunda wake, kaya ndi Phiri, kaya ndi Banda, kenaka kwao ndi banja lake. Tikamva zimenezo tadziwa kale zambiri za iye. Ophunzira za nthaka a ku United States anakonza maina a dothi mwa njira yomweyo, ndipo buku lao lalikulu linatuluka mu 1975. Muli makwerero 6, kuyambira mtundu waukulu kutsika mpaka dzina la dothi limodzi. Mitundu ikuluikulu lero ilipo 12. Maina a pansi penipeni, onga Harney, ndi oposa 20,000.

Mfunda wa Harney ndi uwu: Argiustoll. Tiwerenge pamodzi kuyambira kumapeto. Oll. Kachidutswa aka kakuchokera ku dzina la mtundu waukulu, Mollisol, ndipo gwero lake ndi mau a Chilatini otanthauza chofewa. Amene mumalankhula Chipwitikizi mukudziwa mau akuti mole. Ndi amodzimodzi. Dothi limalowa mu mtundu umenewu likakhala ndi mzere wapamwamba wakuda, wofewa, wochindikala, kawirikawiri masentimita 25 kapena kuposa, ndiponso wosatsukidwa zakudya zake. Ust. Akuchokera ku mau otanthauza chopserera. Akutiuza kuti dothili limauma miyezi yambiri, koma limakhala ndi chinyezi pa nyengo imene mbewu zikukula. Argi. Apa simuvutika, ndi argila, dongo. Akunena mzere wa dongo uja tinaupeza m'dzenje. Tsono Argi-ust-oll ndiye kuti dothi lofewa lakuda, la dziko la mvula yochepa, lokhala ndi dongo m'munsi. Mwaona? Mau amodzi anyamula dzenje lonse.

Patsogolo pake amalemba Typic, kutanthauza kuti ndi mwana weniweni wa mfundawo, wosapatukira mbali ina. Kenaka pali mau a banja, onena kuti dongo ndi lochuluka, ndi la mtundu wotupa, ndipo kutentha kwa nthaka pa chaka kuli pakati pa madigiri 8 ndi 15. Harney ali ndi abale. Kumadzulo kouma kwambiri kuli Richfield, amene m'malo mwa Typic amalembedwa Aridic, ndiye kuti wopendekera ku chipululu. Ku Nebraska kuli Holdrege, wa mfunda womwewo koma dongo lake ndi locheperapo. Bungwe la FAO lili ndi maina akeake, amene amagwira ntchito kwambiri kuno ku Africa. Pa maina amenewo madothi ambiri otere amatchedwa Kastanozem, ndipo mukamvetsera bwino mumva castanho m'katimo, mtundu wa dothilo.

Wina afunsa, maina onsewa atithandiza chiyani, kodi dzina limabala chimanga? Silibala. Koma inunso mukamati apa ndi pa katondo, apo ndi pa makande, uko ndi ku mchenga, mumakhala mwanena kale chimene mudzabzala ndi tsiku loyamba kulima. Kusiyana n'kwakuti dzina lolembedwa limayenda. Mlimi wa ku Kansas akapeza njira yabwino pa dothi lake, mlimi wa ku Ukraine kapena ku Argentina amene ali ndi dothi la mtundu womwewo akhoza kuiwerenga n'kuiyesa. Ndiponso dzina limachenjeza. Munthu asatengere njira ya dothi lina pa dothi losiyana nalo.

Tsopano mvetserani chimene chinachitikira dothi la m'chidikha chimenechi, chifukwa apa ndiye pali nkhani. Kale kunkakhala mitundu ya anthu monga Cheyenne, Arapaho, Kiowa ndi Pawnee, pamodzi ndi nyama zonga njati zosawerengeka. Anthuwo anachotsedwa ndi nkhondo ndi mapangano osasungidwa, nyamazo zinaphedwa pafupifupi zonse m'ma 1870. Lamulo la 1862 linkapatsa wobwera aliyense mahekitala 65 ngati akhalapo ndi kulima. Anabwera ndi mapulawo, anatembenuza udzu uja, nabzala tirigu. Dothi linabereka modabwitsa, chifukwa ankadya manyowa amene udzu unasunga zaka zikwi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 mtengo wa tirigu unakwera. M'ma 1920 kunabwera mathalakitala okoka makasu ozungulira amene ankapera dothi mpaka kusalala. Mvula inkagwa bwino zaka zimenezo, ndipo anthu analima ngakhale malo ouma ndi amchenga amene sanayenere kulimidwa.

Kenaka m'ma 1930 kunagwa chilala cha zaka zotsatizana. Tirigu sanamere. Minda inakhala pambalambanda, yopanda udzu, yopanda chiputu, dothi lake loperedwa. Mphepo imene inabweretsa dothilo inabwera kudzalitenga.

Mmene imachitira ndi motere. Siiyamba ndi fumbi losalala, chifukwa limenelo limagona pansi mwakachetechete. Imayamba ndi timbewu tokulirapo pang'ono, tonga mchenga wosalala. Timeneti timadumpha ngati ziwala, ndipo pogwa timamenya pansi n'kudzutsa tinzake ndi kuwaza fumbi m'mwamba. Munda ukakhala wautali mopanda chotchinga, kudumphako kumanka kuchulukirachulukira. Timbewu todumphato timadulanso mbewu zanthete ngati mpeni. Koma chibuma chokula ngati milimita imodzi kapena kuposa, mphepo wamba siichinyamula.

Mu Meyi 1934 fumbi la m'chidikha linafika ku Chicago, ku New York ndi ku Washington, linagweranso pa zombo za pa nyanja ya Atlantic. Pa 14 Epulo 1935 kunabwera mtambo wakuda wochokera kumpoto umene unasandutsa usana kukhala usiku. Anthu ankamata mazenera ndi nsalu zonyowa, komabe ana ndi okalamba ankadwala chifuwa cha fumbi, ena n'kumwalira. Ng'ombe zinkafa. Dera lokhudzidwa linali mahekitala pafupifupi 40,000,000, ndipo poipitsitsa panali pamene zimakumana zigawo za Kansas, Colorado, Oklahoma, Texas ndi New Mexico, kwao kwa Richfield uja ndi madothi ena amchenga. Mabanja ambiri anasiya minda yao n'kusamuka. Chopweteka n'chakuti mphepo imasankha. Imatenga chopepuka, ndiye kuti manyowa ndi timbewu tosalala, n'kusiya chosabereka.

M'mwezi womwewo wa Epulo 1935 boma lao linakhazikitsa nthambi yosamalira nthaka, ndipo mtsogoleri wake anali Hugh Hammond Bennett. Zimene anaphunzitsa alimi sizachilendo kwa inu. Anati munda ukayamba kuuluka, ulimeni mizere yopingasa mphepo kuti zibuma zikhale pamwamba. Anati mapesi a tirigu musawakwirire onse ndipo musawatenthe, aziima m'munda agwire dothi. Anati munda waukulu muugawe m'magawo aataliatali, gawo lina mbewu, gawo lina chiputu, kuti timbewu todumpha tija tikodwe tisanapite patali. Malo amene sanayenere pulawo anabzalamonso udzu. Ndipo pofika 1942 anali atabzala mitengo pafupifupi 220,000,000 m'mizere yotchinga mphepo, kuchokera ku North Dakota mpaka ku Texas.

Masiku ano alimi ambiri a pa dothi la Harney amabzala osagaula, mbewu imalowa pakati pa mapesi a chaka chatha. Amalima tirigu, ndiponso, mudabwa, amalima mapira. Mapira kwao ndi kuno ku Africa, ndipo Kansas ndiye amakolola mapira ambiri kuposa zigawo zonse za United States, chifukwa ndi mbewu yodziwa kudikira mvula. Ife nthawi zina timawanyoza kuti ndi chakudya cha chaka cha njala. Ine ndimaona kuti pamenepo timalakwa, makamaka kuchigwa kumene chimanga chimapserera chaka ndi chaka. Koma musaganize kuti fumbi linatheratu kwao. Pa 14 Malichi 2025 mphepo ya fumbi inatseka maso a oyendetsa galimoto pa mseu waukulu kumadzulo kwa Kansas. Galimoto zoposa 50 zinaombana ndipo anthu 8 anafa.

Dothi lathu si Harney, ndipo sindikuti tichite zonse zimene iwo amachita. Kwathu chimene chimaba dothi kwambiri ndi madzi a mvula yoyamba, ogwa pa nthaka yopanda chofunda. Koma chitseko chimene mbala ziwirizi zimalowera n'chimodzi. Tikatentha mapesi mu Ogasiti, ng'ombe ndi mbuzi n'kupondaponda chotsalacho mpaka Novembala, munda umakhala monga inalili minda ija mu 1934. Ndikudziwa kuti pali zifukwa zotenthera. Ena mumati mapesi amaitana chiswe, ena mumati amasunga mbozi, anyamata amafuna mbewa. Zimenezi tikambirane, ndipo akuluakulu mundiuze zimene mwaona m'minda yanu, chifukwa buku silinalime kuno.

Mawa aliyense abwere ndi botolo loonekera m'kati, ndi dothi lodzaza manja awiri la m'munda mwake, lotapa pamwamba. Tidzathira dothi mpaka theka la botolo, tidzadzaza madzi, tidzaikamo sopo pang'ono kuti zibuma zimasuke, kenaka tidzakhutchumula kwambiri n'kuliimika. Mchenga udzakhala pansi mphindi imodzi isanathe, ndipo tidzalemba chizindikiro pa botolo. Ufa wa dothi udzatenga maola awiri, tidzalembanso. Dongo lidzatenga masiku, tsono mabotolo adzagona m'kalasi muno. Pa botolo lililonse mwini wake adzamata kapepala, ndipo adzalemba yekha dzina lake ndi dzina la dothi lake monga amalitchulira kwao. Amene simunafike pa chilembo cha k, bwerani msanga tidzayambe ndi katondo.